Galimoto ya Magetsi ya Che Saidi

Mutu uno ndikuulemba chifukwa cha Tadala, mwana wanga woyamba. Akuti ndikamakamba nkhani ya galimoto ya Che Saidi ndimaisintha malinga ndi amene akumvetsera, moti tsiku lina galimotoyo imaima pafupi ndi nyumba, tsiku lina pakati pa tchire la mikango. Ndiye ndati ndiilembe kamodzi, kuti inu ana anga ndi adzukulu mudzaipeze momwe inachitikira. Koma ndiyambira kutali pang'ono, chifukwa simungamvetse za tsikulo musanadziwe kuti Che Saidi ndi ndani kwa ine.

Kumapeto kwa zaka za m'ma 1990

Ndinafika ku Rustenburg kuchokera kwathu ku Dedza ndi kachikwama kamodzi ndi dzina la munthu amene ankati akandilandira. Munthuyo anali atasamuka kalekale. Ndinakhala pa renki ya matekisi tsiku lonse, njala ili m'mimba, ndikumva zilankhulo zomwe sindinkatolapo ngakhale liwu limodzi. Chakumadzulo ndinamva munthu akukalipira njinga yake m'Chichewa cha kunyanja, tayala litaphwa. Ameneyo anali Che Saidi a ku Mangochi, amene ankasamalira maluwa kunyumba kwa dokotala wina m'tauni. Ndinawapatsa moni n'kuwauza dzina langa. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku nsapato n'kunena kuti, "Che Phiri, ndinu alendo ku Joni eti? Gwirani njingayi, tiyeni." Ndinagona pansi m'chipinda chawo cha lendi ku Tlhabane nyengo yonse yachisanu, ndikufunda bulangeti lawo, iwo akufunda jekete. Lamulo lawo linali limodzi lokha, loti nkhumba isalowe mumphika wawo, ndipo ine Mkhristu wa ku Dedza ndinalisunga ngakhale mtima unkapita nayo. Ndi iwonso amene anandipezera ntchito, kudzera mwa mnzawo wa kumzikiti amene ankadziwana ndi kampani ina ya kontirakiti ku mgodi.

Ntchito yanga yoyamba inali m'nyumba ya nyali. Aliyense wolowa pansi pa mgodi amavala nyali pachipewa, batire lake lili m'chiuno, ndipo akatuluka amaibweza kuti itchajidwe. Ife tinkapukuta nyalizo, kuthira madzi m'mabatire, ndi kusintha mababu. Kapitawo wathu anali mzungu wina wamtali amene tinkamutcha Ndevu, munthu waukali koma wosakondera. Tsiku lina anandipeza ndikuyatsa nyali imene ndinali nditangoichotsa potchajira, ndikugwedeza mutu kuti ili bwino. Anailanda n'kundiuza m'Chifanakalo, chilankhulo chosakaniza cha m'migodi, kuti nyali iliyonse imawala ikangochoka pa magetsi, ngakhale yakufa. Anati ngati ndikufuna kuidziwa ndiisiye ikuyaka pa shelefu kwa nthawi yonse ya shifiti, ndidzaione pamene anthu akuweruka. Ndinatero, ndipo nyali ija inazima dzuwa lisanapendeke. Sanandikalipire. Anangondionetsa nambala ya nyaliyo, n'kundilozera mwini wake pamzere wa anthu, bambo wina wa ku Lesotho wa ana asanu.

Zaka za m'ma 2000 mpaka kupuma

Kenako anandisamutsira pansi pa mgodi, kumalo otchajira timasitima tonyamula miyala. Mabatire ake ndi aakulu ngati mabokosi a zovala, ndipo fungo la asidi linkandilowa mpaka m'malaya, moti mayi anu atabwera kuchokera kumudzi ankachapa zovala zanga pazokha. Kumeneko ndinakhala zaka zambiri, mabwana akusinthana. Wina ankafuna kuti sitima ituluke batire lisanadzaze kuti miyala isachedwe, wina ankaiwala kuitanitsa madzi a mabatire mpaka tinkachita kukapempha ku shafuti ina ya mgodiwo. Amene ndinagwirizana naye kwambiri anali mayi wina wa Chitswana, woyamba wamkazi kutiyang'anira, amene sankachita manyazi kufunsa zomwe sankadziwa. Kontirakiti ikatha tinkakhala pakhomo miyezi, ikayambanso n'kutiitana. Sindinalemere, koma nonse munaphunzira, tinapeza kanyumba kathu ku Tlhabane, ndipo ndinatuluka mu mgodi ndi zala zonse. Ndinapuma msana utayamba kukana, ndipo sindidandaula.

Pali mwambo wina wa ife machona umene muyenera kuudziwa, chifukwa inu obadwira kuno mumauseka. Munthu akamabwerera kumudzi, katundu amene sangakwere naye basi amagulitsa kwa anzake a kwawo, ndipo wogulayo sayesa. Kuyesa katundu wa m'bale pamaso pake n'kumuuza kuti ndi wakuba. Umangolandira ndi manja awiri, ndipo chikafa mawa lake umati nthawi yake inakwana. Firiji ija munkasungamo mabuku a sukulu inabwera motero. Inali ya mkulu wina wa ku Ntcheu, ndipo sinazizirepo chifikireni m'nyumba mwathu, koma mpaka mwini wake anamwalira tinkamuuza pa foni kuti ikugwira ntchito bwino.

Chisanu cha chaka chatha

Dokotala uja Che Saidi anamugwirira ntchito moyo wawo wonse, kuyambira pa maluwa mpaka kukhala dalaivala wake. Atakalamba n'kuganiza zotsatira ana ake kunja, anawasiyira Che Saidi galimoto ya mkazi wake ngati chithokozo. Inali yaing'ono, yoyera, yoyendera magetsi okhaokha, yopanda thanki ya petulo. Mu Tlhabane monse munalibe ina yotero. Che Saidi ankapita nayo kumzikiti ndi kutauni, ikuyenda phee, ana akuithamangira, ndipo madzulo ankailumikiza ku soketi ya m'khitchini ndi chingwe chodutsa pawindo. Koma nawonso anali atatopa ndi Joni. Anali atamanga nyumba ku Mangochi, ndipo galimoto yotere sakanapita nayo, chifukwa njira yonseyo akanaitchaja kuti?

Tsiku lina Lamlungu anabwera kwathu, navula nsapato pakhomo monga mwa chizolowezi chawo, nakhala pa mpando wawo wa nthawi zonse. Atamwa tiyi anati, "Che Phiri, galimoto ija anthu akuifuna, koma ine ndati ayi. Ikhale ya mwana wathu Tadala. Ndinamunyamula ali wakhanda ameneyu, ndiye azivutikabe ndi matekisi ine ndikuona?" Mtengo umene anatchula unali wa chibale ndithu. Tadala, amene amagwira ntchito ku hotela yaikulu ija ya kufupi ndi Ledig, anali atasunga ndalama zaka zingapo kuti agule galimoto, chifukwa shifiti zake sizigwirizana ndi nthawi ya matekisi. Anagwada n'kuthokoza, maso akuwala. Ine ndinathokozanso, koma tiyi uja anandiwawa m'kamwa.

Ndinene zoona, za galimoto zamtunduwu sindinkadziwa kanthu. Titapita kukaiona ndinagwada kusuzumira pansi kufunafuna mafuta odontha, Tadala akuseka kuti, "Adadi, mulibe oyilo mmenemo." Ndinatsegula kutsogolo kuti ndimvetsere injini, osamva kalikonse. Iye ndi amene anali atawerenga zofunika. Anaona buku la sevisi n'kupeza kuti dokotala ankaisamala, anayang'ana matayala, chingwe chotchajira, mabuleki, zonse zili bwino. Anafunsanso ku magalaji a m'tauni ngati angayeze mphamvu imene yatsala m'batire, koma anamuuza kuti makina ake alibe, apite ku Pretoria. Ndiye anandionetsa nambala yowala kutsogolo kwa chiwongolero. "Onani Adadi, ikunena yokha mtunda umene ingayende. Ku Ledig n'kubwerera ikukwana, n'kutsalako." Ndinafunsa kuti galimotoyo yachoka liti pa magetsi. Anati pompano. Ndinafunsanso Che Saidi ngati anapitapo nayo kutali, ndipo anayankha monyadira kuti sinawakhumudwitsepo, kutauni n'kubwera, kumzikiti n'kubwera. Sankanama. Kungoti galimotoyo inali ndi zaka zambiri, ndipo palibe amene anali ataiona ikuweruka ntchito yaitali.

Sabata imeneyo ndinasowa mtendere. Msewu wa ku Ledig ndimaudziwa, uli ndi malo aatali opanda nyumba, malole a ku migodi akudutsa mothamanga, ndipo kuntchito kwa Tadala antchito analibe potchajira. Ndinauza mayi anu kuti ndikufuna kupempha kuti tiiyese ulendo wonse tisanagule. Anaika pansi mbale imene ankatsuka.

"Mwayamba misala kodi? Munthu anakufunditsani bulangeti lake iye akugona ndi jekete, lero mukamuyese ngati wa pamsika?"

"Nanga mwana akakaima pamsewu?"

"Ndiye kanani bwinobwino. Mukanene kuti ndalama zaperewera, kapena kuti mwana wasintha maganizo. Aliyense amatero, ndipo palibe amene amakhumudwa."

Anali kunena zoona, umo ndi momwe timakanirana. Koma ndinaganiza kuti ndikanama, Tadala ataya galimoto imene mwina ili bwino, ndipo Che Saidi akaigulitsa kwa mwana wa munthu wina osadziwa chimene akugulitsa. Ndinaganizanso kuti Che Saidi si mwana, bodza langa akanaliona, ndipo akananyamuka nalo kupita ku Mangochi. Ndinkaopa kutaya mnzanga, ndipo mantha amenewo ndinali ndisanawamvepo ngakhale pansi pa mgodi.

Ndinapita ndekha kwawo. Ndinazungulira ndi nkhani za kuzizira ndi za mitengo ya basi mpaka nkhani zinandithera, kenako ndinati, "Achimwene, ndabwera ndi pempho lovuta. Ndikufuna galimoto ija tipite nayo ku Ledig n'kubwerera, tsiku lozizira, tisanamalize nkhani."

Anasisita ndevu. "Mukufuna kuiyesa."

"Ndikufuna tiiyese tonse awiri. Inuyo muyendetse."

"Zaka zonsezi, Che Phiri, ndinakunamizanipo chiyani?"

"Palibe. Inu sindikukukayikirani. Ndikukayikira batire, ndipo batire si m'bale wathu."

Sanaseke. Anati, "Loweruka m'mamawa. Mudzandipeza pano." Tsiku limenelo sanandiperekeze mpaka pageti, chinthu chimene chinali chisanachitikepo.

Loweruka kunacha kozizira kwambiri, udzu utayera. Galimoto inali itagona pa magetsi usiku wonse. Tinagwirizana kuti tichite zonse monga momwe Tadala azidzachitira, ndiye popita anayendetsa iye, atavala yunifolomu yake, chotenthetsera chili choyatsa, liwiro la munthu wothamangira ntchito. Che Saidi anakhala kutsogolo, ine kumbuyo. Kunena zoona galimotoyo inkakoma. Inkanyamuka mopepuka, yopanda phokoso, moti ndinkamva Che Saidi akupuma. Ndinayamba kudziona wopusa, ndikuganiza za mawu amene ndidzapepese nawo. Koma titadutsa Phokeng n'kulowa msewu wautali, ndinaona Tadala akuyang'anayang'ana nambala ija. Inkatsika msanga kuposa mtunda umene tinkayenda. Iye anatifotokozera kuti galimoto imawerengera malinga ndi momwe yakhala ikuyendetsedwera, ndipo inali itazolowera kuyenda kwa Ankolo Saidi, pang'onopang'ono m'tauni, popanda chotenthetsera. Che Saidi anangoti, "Ifika."

Ku Ledig inafikadi. Tinamutsitsa Tadala pageti la antchito, ndipo asanalowe anaweramira pawindo n'kunena kuti, "Ankolo, mukaona chithunzi cha kamba chayaka, ndiye kuti batire likutha, mupatuke msanga. Ndipo musalole munthu kuikoka ndi chingwe, imafuna kunyamulidwa pa lole." Che Saidi anakhala pa chiwongolero, tinatembenuka. Atafuna kuzimitsa chotenthetsera, dzanja lawo linaima m'malere, kenako analibweza. Anati mwanayo sangayende m'chisanu chotere osayatsa, ndiye chikhale. Anawonjezeranso liwiro kufika pamene Tadala ankayendera, ngakhale iwo sakonda kuthamanga. Apo ndinadziwa kuti tsopano akuiyesa ndi iwo, osati ine.

Tinadutsa Boshoek. Patsogolo pake kamba uja anayaka, wachikasu, ndipo galimoto inayamba kufooka. Malole ankatiimbira mahutala kumbuyo. Che Saidi anapatukira m'mbali, inayenda pang'ono pa miyala, n'kuima tisanafike ku Phokeng. Panalibe mikango, Tadala akunena zoona. Panali tchire la minga, mulu wa dothi la mgodi chapatali, ndi mphepo. Ndinaimba foni kwa anthu a lole yonyamula galimoto, anati tidikire, ali ndi ntchito ina.

Tinadikira mpaka dzuwa linafika pamutu. Ndikanakonda kuti ndikhale wolakwa, tifike kunyumba andiseke chaka chonse. Nthawi yoswali itakwana Che Saidi anatenga botolo la madzi, nasamba m'manja, kumaso ndi kumapazi m'mphepo yozizirayo, nayala kamkeka kawo kuseri kwa galimoto. Ine ndinaima kumbali ya msewu kuti oyendetsa malole atione. Atamaliza anapinda kamkeka, nabwera kudzaima pafupi nane, akuyang'ana uku ndi uku msewu wopanda munthu woyenda pansi.

"Akanakhala Tadala," anatero. "Yekha, pano, ataweruka."

Kenako anatembenukira kwa ine.

"Ndipo inu mukanandiuza pa foni kuti ikuyenda bwino."

"Mwina ndikanatero."

"Mukanatero. Ndikukudziwani anthu a ku Dedza." Anapukuta m'maso ndi nsonga ya mpango wawo, akunamizira fumbi. "Musamuuze ndinu. Ndikamuuza ndekha kuti sindimugulitsa."

Anamuuzadi madzulo omwewo, ataima pakhomo pathu, osalowa. Tadala analira pang'ono, chifukwa anali ataikonda galimotoyo. Pambuyo pake anafufuza mtengo wa batire latsopano n'kupeza kuti sangaukwanitse, ndipo patapita miyezi anagula kagalimoto kapetulo kamene akuyenderabe. Ya Che Saidi inagulidwa ndi mphunzitsi wina wamkazi wa ku Tlhabane komweko, amene sukulu yake ili pafupi. Che Saidi anamuuza zonse, mpaka malo amene tinaima, namukakamiza kuti ayende nayo sabata yathunthu asanalipire. Ndimaionabe ikudutsa mwakachetechete, ndipo kwa mayi ameneyo ndi galimoto yodalirika.

Koma Che Saidi anasiya kubwera kwathu. Lamlungu linadutsa, lina linadutsanso, mpando wawo uli wopanda munthu. Tikakumana pamsewu moni ankayankha bwino, koma wachidule. Nkhani inali itafala pakati pa anthu a kwathu, ndipo ena ankati a Phiri anachititsa manyazi munthu wamkulu, ena ankati a Saidi anafuna kugulitsa chakufa. Zonsezi zinkandipweteka. Mayi anu sananene kuti ndinakuuzani, koma ankandipatsa tiyi mwa njira yoti ndimve. Tsiku la ulendo wawo linkayandikira, ndipo ndinayamba kuvomereza mumtima kuti mwana ndamuteteza koma mnzanga apita osandikhululukira.

Kutatsala masiku owerengeka kuti anyamuke, m'mawa ndikuthirira mpiru kuseri, ndinamva kugogoda pageti. Anali Che Saidi, atavala mkanjo wawo woyera, ndipo kumbuyo kwawo kunali bambo wina akukankha wilibala. Mu wilibalamo munali batire lalikulu la sola ndi nyali ziwiri. Anandiuza kuti bamboyo ndi Yusufu, mwana wa mlongo wawo, ndipo ndi amene wawagulitsa batirelo kuti akaunikire nyumba ya ku Mangochi. Yusufu ankayang'ana pansi, nkhope ili yolimba.

"Akuti ndi latsopano pang'ono," anatero Che Saidi. "Ine ndamuuza kuti silikwera basi Che Phiri asanalione."

Ndinati, "Achimwene, ameneyu ndi mphwanu." Ndinkanena motsitsa mawu kuti mwini wake asamve.

Iwo anayankha mokweza. "Ndikudziwa. N'chifukwa chake ndabwera naye, aone. Zitenga nthawi yaitali bwanji?"

Ndinati tiyenera kuyatsa nyalizo n'kuzisiya mpaka batire litatopa, ndipo zimenezo ndi za tsiku lonse. Che Saidi anagwedeza mutu, nauza Yusufu kuti alowetse wilibala pamthunzi. Kenako anasuzumira pakhomo la kukhitchini n'kuitana mayi anu.

"Alamu, muphike zambiri. Tikhala pano mpaka nyalizi zizime."